Mphini za Makala

Ine ndili ndi mphini zisanu ndi imodzi kumaso, zitatu uku zitatu uku, pafupi ndi makutu. Ananditema ndili mwana chifukwa cha mutu waching'alang'ala. Kwathu ku Nchema palibe amene anaziyang'anapo kawiri, poti anthu ambiri ali nazo. Ndinayamba kudziwa kuti ndili ndi mphini tsiku limene ndinakaonekera kwa apongozi anga kufupi ndi mishoni, m'nyumba ya makatani ndi kabati yodzaza mbale zimene munthu sadyera. Apongozi angawo ndi aphunzitsi opuma. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati m'maso ayi, koma m'mbali mwa maso, kenako n'kundifunsa kalasi imene ndinalekeza. Ndinati sitandade seveni. Anati, "Chabwino, Mulungu amagawa mosiyana."

Bambo a mwana wanga ndi namwino. Tinadziwana ndikugulitsa nthochi pageti la chipatala. Chinkhoswe chinachitika, ukwati wa kutchalitchi anati udikire kaye. Mwana wathu wamkazi asanayambe n'kukwawa komwe, bambo ake anapita ku Mangalande kukagwira ntchito, kumene mchemwali wawo, alamu anga, anatsogola kale. Ine ndinatsala kwathu, kulima chimanga ndi nandolo, Lamlungu lililonse kukwera kabaza kukaonetsa mwana kwa agogo ake, kuti alankhule ndi bambo ake pafoni yaikulu ya kumeneko. Ine foni imandipeza kumapeto, batire itatsala pang'ono.

Chaka chimene mwana anakwanitsa zaka zinayi, alamu anabwera kutchuthi nyengo yozizira. Atavula juzi tonse tinaona: duwa lakuda kuyambira pamkono mpaka pachigongono, masamba ndi minga yomwe, ndi kambalame kuseri kwa khosi. Ndinayang'ana apongozi kudikira kuti akomoke, chifukwa ndi omwewo amene anabweza mmisiri wa denga atamuona ndi chinkhanira chojambula paphewa, amvekere odzilemba pathupi onse anachokera kundende. Sanakomoke. Madzulo ake ndinawamva akufotokozera amayi anzawo a kwaya kuti imeneyo ndi tatuu, luso la kunja, amachita ndi makina m'malo aukhondo, ndipo si aliyense angakwanitse.

Ine pakamwa panga sipakhala bata. Ndinafunsa alamu kuti amachita bwanji. Anati ndi kasingano ndi inki.

"Magazi amatuluka?"

"Pang'ono."

"Ndiye n'chimodzimodzi zathuzi. Ife ndi lezala ndi mankhwala akuda, magazinso pang'ono."

Apongozi anaika kapu pansi. "Amake mwana, musamafanizire zinthu zimene simukuzidziwa."

Nkhani imene alamu anabwerera inatuluka sabata yachiwiri. Akuti munthu akakhala kumeneko zaka zingapo akugwira ntchito amapatsidwa mapepala okhalitsa, osathamangitsidwanso, ndipo a bambo a mwana anali atayandikira. Ndiye mwana apite msanga, alowe nawo m'mapepalawo, ayambe sukulu ya kumeneko lilime lisanaume. Anyamuke ndi alamu. Pasipoti tinali titamupangira kale, ine ndikuyesa n'zongosunga. Chotsala chinali kalata imodzi yoti ine mayi wake ndavomera, yokasainira kuboma pamaso pa bwana, Lachisanu.

Ndinafunsa kuti nanga ine. Alamu anali atapita ku Limbe tsiku limenelo, tinali awiri pakhonde. Apongozi anandiyankha mofatsa, ngati akufotokozera mwana wa sitandade wanu. Anati ine nditsatira pambuyo, koma ndisadzipatse chiyembekezo chambiri. Kumeneko asanakulole amakuyeza thupi lonse, ndipo akaona mphini amadziwiratu kuti ndi za asing'anga, amakubweza pomwepo pabwalo la ndege. "Si ine ndinapanga malamulo," anatero. "Koma mwanayu khungu lake ndi loyera bwino, tithokoze Mulungu kuti kwanu simunamugwire."

Ndinakhulupirira. Ndikanapanda kukhulupirira bwanji, munthu anaphunzitsa zaka zonsezo, ana ake awiri ali kunja, ine ndege ndimangoiona ikudutsa pamwamba pa phiri. Ndinabwerera kwathu mwana ali kumbuyo ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha, ndinamumanga nsalu ziwiri. Masiku amenewo ndikamapita kumjigo ndimapita naye, kuchimbudzi ndimamuimika pakhomo kuti aziyimba ndizimumva. Galimoto ikaima kumsewu ndimathamangira kukamugwira, kuopa kuti abwera kudzamutenga. Kukana ndimaopa, poti angati mayi wosaphunzira wamana mwana sukulu, kuvomera ndimaopa, ndipo amalume anga, eni mbumba, nditawauza anangoti, "Anthu ophunzira aja, tiwayankha chiyani ife?"

Nzeru inandibwerera ndili m'munda wa nandolo. Ngati mphini zimabweza munthu pabwalo la ndege, ndiye zibweza mwana wanga. Sindidzakana kanthu, ndidzasaina bwinobwino ndi dzanja langa, azungu okha ndiwo adzakane.

Lachitatu ndinagula lezala yatsopano pa Mbulumbuzi n'kupita kwa mayi anga aakulu, achemwali a mayi, amene amatema mphini m'dera lathu. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Ndinaika lezala pamphasa, mwana pamiyendo.

"Akudwala chiyani?"

"Sakudwala."

"Ndiye lezalayi ndi yometera ndani?"

Ndinafotokoza zonse mothamanga, mawu akupondana. Anandimvetsera mpeni uli m'manja. Nditamaliza anati, "Iwe, ine sinditema mwana wathanzi. Mankhwala ndi a matenda, si otsekera ndege."

Ndinalira. Ndinati ndiye nditema ndekha. Ndinamasuladi kapepala ka lezala, ndinagwira mutu wa mwana n'kuupendeketsa, iye akutafuna chinangwa, osadziwa kanthu, khutu lake likusuntha pamene akutafuna. Dzanja linakana. Mayi aakulu anandilanda lezala n'kuiika pamutu pawo mkati mwa duku. Kenako anatola khala pamoto wozima, analipera pamwala, n'kudonthezera mafuta ophikira. Ndi kamtengo ka machesi analemba timizere titatu uku, titatu uku, ndendende pamene pali zanga.

"Apongozi akowo maso awo ndi a magalasi," anatero. "Mawa ukafika usayandikire. Uone kaye zimene anene. Munthu akadzidzimuka amalankhula zoona."

Lachinayi m'mawa ndinakonzanso timizereto n'kukwera kabaza, dzanja langa litatchinga nkhope ya mwana kuti mphepo isafufute. Tinapeza apongozi ndi alamu pakhonde, kalata ija ili patebulo, atayitsindira ndi mbale ya shuga. Apongozi anatambasula manja monga mwa masiku onse. "Bwera kuno mkazi mnzanga, wandibera mwamuna iwe." Mwana anathamanga ndisanamugwire. Anaima pakati pa miyendo yawo, ndipo ndinaona magalasi akutsika pamphuno.

"Amake mwana. Mwatani?"

"Mutu umamuvuta."

"Mutu. Chipatala chili apa, bambo ake ndi namwino, inu mutu. Mwanayu akalowa bwanji m'kalasi ndi ana a anthu? Akamujambula chithunzi cha sukulu anthu aziti ndi mdzukulu wa ndani?"

Za pabwalo la ndege sanatchule. Ndinadikira, sanatchule. Ndiye ndinatchula ndine. Ndinati pepani amayi, ndinaiwala kuti akamubweza.

Alamu anatsitsa foni. "Akamubweza ndani?"

"Azungu aja. Oyeza thupi. Akaona mphini."

Alamu anaseka mpaka kutsamwa tiyi. "Alamu, anakunamizani ndani? Amajambula chifuwa kuona TB, basi. Khungu alibe nalo ntchito. Bwana wanga mkono wonse ndi wolembalemba mpaka zala, mkazi wamkulu ndithu. Mphini zanuzo akhoza kukufunsani kuti munapangitsa kuti, nawonso akapange."

Apongozi anayamba kukonza nsalu ya patebulo imene inali yokonzeka kale. Ine pakamwa panatseguka pokha.

"Ndiye ine chondiletsa n'chiyani?"

Nkhuku inakwera pakhonde, palibe anaiingitsa.

"Pali mayeso a Chingerezi," anatero alamu, maso ali pa mayi awo. "Koma si ovuta kwenikweni, mukhoza kuphunzira."

"Ndiphunzira. Kenako?"

Alamu anapukusa kapu m'manja. Kunja kuja kunawaphunzitsa kulankhula mosabisa, kapena anangotopa, sindikudziwa. Anati, "Amayi, muwauze ndinu kapena ndiwauze ndine? Alamu, achimwene popita analemba pa fomu kuti ndi osakwatira. Chinkhoswe chilibe setifiketi. Anati adzakonza pambuyo. Mpaka pano sanakonze."

"Unali uphungu wabwino panthawiyo," anatero apongozi. "Fomu imafunsa maphunziro a mkazi."

"Sifunsa, amayi."

Dzuwa linali litafika pakhonde ndipo mwana, amene nthawi yonseyi amadya buledi ali mu juzi, anayamba kutuluka thukuta. Mizere ija inasungunuka n'kutsikira m'masaya. Apongozi anayang'anitsitsa, ananyowetsa ngodya ya mpango ndi malovu, n'kupukuta kamodzi. Khungu linatsala loyera. Anayang'ana mpango, anayang'ana ine, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso mwenimweni.

"Makala," anatero.

"Makala, amayi."

"Ndiye palibe chaonongeka. Mawa eyiti koloko tikhale tili kuboma."

Ndinanyamula mwana, buledi ali m'manja. Ndinagwada monga ndimagwadira nthawi zonse potsanzika. Ndinati amayi, ine sitandade seveni, kulemba dzina ndimatha koma ndimachedwa. Bambo ake akadzakonza fomu yawo, ndikadzaiona ndi maso angawa wina akundiwerengera, mwina dzanja lidzafulumira. Alamu anandiperekeza mpaka pamsewu, anandilipirira kabaza n'kusisita mwana pamutu ndi mkono wa duwa uja.

Lachisanu sindinapite. Alamu anabwerera okha. Bambo a mwana anaimba pafoni ya amalume, anati ndamana mwana tsogolo, akadzakula adzandifunsa. Mwina adzandifunsadi, ndipo sindikudziwa chimene ndidzayankhe, chifukwa sukulu ya kwathu ana amakhala pansi, ena pansi pa mtengo. Ndinawafunsa za fomu, anati nkhani za mapepala n'zovuta, sindingazimve. Ndinati ayese kundifotokozera pang'onopang'ono. Netiweki inathawa.

Pasipoti ya mwana ikadali kwa apongozi, m'kabati ya mbale. Lamlungu timapitabe, koma ndimakhala pomwepo, mwanayo sindimusiya ngakhale akandituma kukagula mchere. Mwana anayamba sukulu ya mkombaphala kuseri kwa tchalitchi chathu, ndipo aphunzitsi ake ndinawauza kuti asamupereke kwa munthu wina aliyense, kaya wabwera pagalimoto, kaya wavala bwanji, kaya akulankhula Chingerezi chotani. Amaweruka leveni. Ine hafu teni ndimakhala nditaima kale pampanda, khasu lili paphewa.