Mbali imene ankakhala Amake Wendy

Ndinakumana nawo pageti ya chipatala cha Katondwe, anzanga, dzuwa likuwotcha mpaka m'nsapato.

Ine ndine Yotam wa ku Kavalamanja. Sukulu ndinangoilawa, ndiye akundilembera ndi mwana wanga Thelma, ndipo ndamuuza kuti asasinthe mawu anga.

Tsiku limenelo Benedict, mwana wanga woyamba, anandiperekeza kukapimitsa BP pa motoka yake yatsopano. Yaikulu, yakuda, mkati mozizira ngati madzi a mumtsuko. Mwana amene ndinamulera ndi ukonde ndi bwato ameneyo!

Pageti panali mayi wachikulire ndi ndodo, akudikira chokwera cha ku Mphuka.

"Benedict, ima. Tiwatenge amayiwa."

Iwo anayang'ana kutalika kwa motokayo n'kuseka.

"Zikomo atate, koma maondo awa? Mpaka mundibweretsere makwerero."

Benedict anadina kabatani. Motoka inapuma kuti fyuuu, n'kutsika pang'onopang'ono.

"Mayo ine! Yagwada!" anatero mayiwo. "Kwanu munaphunzitsa mwambo mpaka motoka?"

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Chimwalirire amake Benedict ndinali ndisanasekepo choncho.

Dzina la mayiwo ndi Everlyn, koma onse amati Amake Wendy. Amuna awo, a Inácio a ku Zumbo, anamwalira kalekale. Tinapeza kuti matsiku athu a kuchipatala ndi amodzi, ndiye mwezi uliwonse Benedict akabwera kuchokera ku Lusaka tinkawadzera. Malo awo anali kumbuyo kumanzere, ine kumanja. Ankandibweretsera masau ouma m'kapepala. Ine ndinkawasankhira pende wonenepa.

"Nsomba yanu ili ndi minga yambiri ngati mwini wake," ankatero, koma ankalandira ndi manja awiri.

Motokayo Benedict amaisamala ngati khanda. Anandiuza kuti ilibe masipuling'i, imakhala pa matumba anayi a mpweya, akuti air suspension. Tikafika kunyumba amagona pansi ndi chidebe cha madzi kutsuka matope ndi mchenga m'matumbamo. Akailiza amatchera khutu kumva ngati pampu yake ikugwira bwino. Matumba a chimanga amakana, ngakhale a amalume ake.

"Adadi, iyi ikalemedwa imadwala."

"Nanga Amake Wendy?"

"Amenewo ndi VIP, adadi," amatero uku akunditsinzinira diso.

Mvula itatha ndinalimba mtima. Amake Wendy anabwera ku Kavalamanja pa motoka yathu kudzaona mchemwali wawo, ndipo madzulo ndinawapeza kudimba.

"Amake Wendy, nyumba yanga yakula. Ndimayankhula ndi nkhuku."

"Ndiye mufuna nkhuku ina?"

"Ndifuna inu."

Anakumbakumba pansi ndi ndodo. Kenako anati, "Tumizani anthu kwathu. Koma musandifulumize."

Ndinabwerera kunyumba ngati mnyamata, anzanga!

M'mawa tinadzuka kuti tiwabweze ku Mphuka. Tinapeza motoka yapendekeka. Mbali zitatu zili bwinobwino, koma kumbuyo kumanzere yakhala pansi, tayala lalowa mkati.

Amake Wendy anafika ndi kachikwama kawo. Anaima. Anayang'ana nthawi yaitali, nkhope n'kusintha.

"Ndi a Inácio," anatero motsitsa mawu. "Akhala pamalo panga. Akukana."

"Iyayi mami," anatero Benedict, "ndi leak chabe. Mpweya ukutuluka. Onani." Anailiza, motoka n'kudzuka.

Koma iwo sanakwere. Anapita panjinga ya mdzukulu wa mchemwali wawo.

Benedict anaipereka kwa amakanika ku Lusaka. Anapeza kuti mchenga unabisala pamene thumba limapindikira, n'kumadya labala mpaka kuboola kabowo ngati ka singano. Anaika latsopano. Lakale ndinamupempha Benedict andibweretsere, ndipo ndinapita nalo ku Mphuka ndekha, m'kasaka.

Ndinaliika pamphasa patsogolo pawo. Ndinawaonetsa kabowoko ndi chala.

"Mwaona? Mchenga. Si munthu ayi."

Analigwira, kulitembenuza, n'kundibwezera mwaulemu.

"Atate a Benedict, mwana wanu amatsuka matumba angati?"

"Anayi."

"Mchenga wa msewu uja umalowa angati?"

"Onse."

"Nanga unasankhiranji langa? Usiku womwewo umene ndinavomera?"

Ndinangoti azikhala kutsogolo, ine ndikhale kumanzereko, ngati a Inácio ali ndi mawu ayankhule ndi ine mwamuna mnzawo. Anaseka, misozi ikutsika.

"Anali munthu wabwino," anatero. "Pamene ankamwalira ndinawauza kuti sindidzalowa nyumba ina. Ndinaganiza kuti zaka zafufuta mawuwo. Sizinafufute."

Anandiphikira tiyi. Tinamwa. Ponyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu, pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, ndipo anandigwira dzanja koyamba ndi komaliza.

Tsopano anasintha tsiku lawo la kuchipatala. Motoka ili bwino, siinapendekekenso. Benedict amati ndipite kwa ansembe a ku mishoni akawalankhule, Thelma amati ndiiwale. Ndawauza onse kuti awasiye. Munthu sumukoka pa lonjezo lake ngati ukukoka ukonde.

Ena mwa inu muti ndi umbuli wa anthu akale. Nenani. Ine ndikudziwa kuti unali mchenga, ndinauona ndi maso anga. Koma sindingawakwiyire.

Chimene chimandipweteka n'chimodzi, anzanga. Mkazi wosunga mwamuna wakufa chonchi, akanandisunga bwanji ine wamoyo?