Madzi Ali ku Bafa

Alamu anga a Gervazio akhala akumangira anthu mabafa moyo wawo wonse, koma imvi zinachita kumera asanasambemo m'bafa ngakhale limodzi la amene anamangawo. Ndimawaseka nazo mpaka lero ndipo sakwiya, poti mlamu ndi woseka naye. Ine ndine Sibongile. Akazi awo, a Anastazia, ndi akulu anga bele limodzi, ndipo nyumba zathu zinayang'anizana kuno kumunsi kwa phiri la Mphunzi. Iwowo akazi awo sawatchula dzina, amawaitana ndi mfunda kuti Nangozo.

Anabwera kudzakhala chikamwini ali mnyamata wocheka matabwa kuphiri la Dedza, wonunkha utomoni wa paini, wamanyazi ngati mkwatibwi. Malemu mayi athu atawaona anati, “Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka.” Koma uyu sanaterereke. Pamene ansembe ankamangitsa nyumba ina kumishoni, anapitako kukaponda matope, n'kubwerako akudziwa kulumikiza mapaipi. Kuchoka apo anthu ena anawatenga kupita nawo ku Lilongwe, ndipo kumeneko ndi kumene manja awo anatchukira.

Ankabwera kumudzi mwezi ukatha, ali ndi buledi m'chikwama ndi nkhani pakamwa. Ankatiuza za mabafa aakulu kuposa chipinda chathu chogona, za beseni loti munthu wamkulu n'kugonamo chagada, za shawa yothira ngati mvula ya mu Januwale, za makhitchini a mipopi iwiri, wina wa madzi otentha, wina wa ozizira. Chimene chinandimaliza ine n'chakuti m'nyumba zina ankaikamo kachipinda ka galasi, koti ukangodina batani mumadzaza nthunzi, mwininyumba n'kukhala pansi kumatuluka thukuta.

Ndinawafunsa kuti, “Alamu, kumeneko si kufukiza? Ife tikadwala chimfine timafunda bulangete n'kuweramira mphika wa masamba a bulugamu. Ndiye anthuwo amadwala tsiku lililonse?”

“Sadwala, mlamu. Amati ndi kupumula.”

“Kupumula atalima kuti?”

Anangoseka. Iwo eni akamaliza kumata matailosi m'zipinda zimenezo ankakasamba kuseri kwa mpanda, ndi madzi ozizira a m'chitini cha penti. Sankadandaula. Ankati kusamba kwenikweni kuli kumudzi.

Ndipo kunalidi. Akangotsika panjinga yakabaza, akulu anga ankasiya chilichonse chimene ali nacho m'manja, kaya ndi mtondo, kaya ndi mwana, n'kutereka madzi. Akatentha ankasenza ndowa kupita nayo ku bafa la udzu kuseri kwa nyumba, n'kuikapo sopo ndi chinkhupule pamwala, kenako n'kubwera kudzanyonyomala pafupi ndi mpando wa amuna awo. “Abambo, madzi ali ku bafa.” Mawu ake ndi omwewo, kuyambira ali mtsikana mpaka zidzukulu zadzaza pabwalo. Kwathu kuno zimenezi si ntchito wamba. Anankungwi amamulangiza mtsikana asanalowe m'banja, ndipo mudzi wonse umaona. Mkazi akasiya kuikira mwamuna madzi, kapena mwamuna akayamba kuwadumpha madzi a mkazi wake, aliyense amadziwa kuti m'nyumbamo mwalowa mphepo.

Maso atayamba kuwavuta, alamu anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi kudzalima mbatatesi ngati ife tonse. Apa m'pamene anaona chimene ankachiphonya pobwera mwa apo ndi apo. Maondo a akulu anga anali atatha ndi nyamakazi. M'chisanu cha mu Julaye, nkhungu itakuta phiri, zala zikukana ngakhale kumanga chitenje, mayi uja ankadzuka ndi ndowa, kuima, kupuma, kuyendanso, madzi akutayikira m'miyendo. Tsiku lina anaterereka pakhomo pa bafa n'kugwada m'matope. Sanalire, anangodzuka n'kukatereka ena. Alamu anaona zonsezi ali pakhonde, ndipo sanayankhule kanthu. Anthu ofatsa ndimawaopa pamenepo, chifukwa akakhala chete ndiye kuti m'mutu mwayamba kumangidwa chinthu.

Sabata yotsatira anayamba kuumba njerwa. Kenako anatulutsa matumba amene kwa zaka anali pansi pa bedi, amene ife tinkayesa ndi zitsulo zakutha. Munali matailosi otsala ku nyumba za mabwana, obenthuka m'mbali, oti eni ake anati katayeni. Oyera, obiriwira, akuda, ena a maluwa, palibe awiri ofanana. Anamanga kachipinda kogundana ndi nyumba, n'kuwamata bwinobwino kuyambira pansi mpaka m'mapewa, n'kuikamo benchi la paini ndi chitsulo chogwira podzuka. Panja anakweza mgolo pa ng'anjo ya njerwa, paipi imodzi yolowetsa madzi otentha, ina yochokera m'kamphika kovundikira yolowetsa nthunzi. Madzi ankakatunga okha kumjigo, zigubu atamangirira panjinga. Ndinenetse, kanali kokongola. Ndinalowamo ndili ndi mwano wanga wokonzeratu, koma unandithera kukhosi.

Tsiku limene anamaliza anaitana akazi awo, ine ndili pomwepo. Anatsegula mpopi, madzi otentha n'kutuluka okha m'khoma. Nkhope yawo inali kuwala ngati ya mwana amene wakhoza mayeso.

“Nangozo, kuyambira lero ndowa ija muisiye. Simudzavutikanso kundiikira madzi. Ndizidzipangira ndekha.”

Akulu anga anayang'ana mpopi, anayang'ana amuna awo, n'kunena kuti, “Chabwino, abambo.” Anatuluka pang'onopang'ono, akugwira khoma.

M'mawa mwake anatereka madzi monga mwa masiku onse, n'kuwakokera ku bafa la udzu lija. Alamu anali atasamba kale m'kachipinda kawo, akuimba mluzu. Madzi aja anakhala pamwala mpaka kuzizira, nkhuku n'kumamwa. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. M'kachipinda katsopano akulu anga sanapondemo n'komwe. Alamu ankati ndi mantha a nthunzi, azolowera. Koma ine ndinkaona munthu akufota. Anasiya kuimba popeta, anasiya kupita ku kwaya ya amayi, chakudya ankangotola pang'ono n'kukankha mbale.

Kumjigo nako nkhani inali itapsa. Mayi wina amene sindimutchula dzina, poti tidakali kupemphera tchalitchi chimodzi, ananena mokweza kuti ndimve, “Zaka zonse zija m'tauni, mwamuna angakhale yekha? Taonani lero akukana madzi a mkazi wake.” Ndinatula chidebe pansi n'kumuyankha zimene sindingalembe pano. Koma pobwerera kunyumba mtima unkandiwawa, chifukwa ndinadziwa kuti mawu amenewo afika kale kwa akulu anga.

Ndinawapeza m'khitchini akusonkhezera moto pansi pa madzi oti palibe adzasambe.

“Akulu, mukudzipheranji? Anthu akumangirani bafa la mabwana.”

Anandiyankha kuti, “Sibongile, kumunda ndinalephera. Mtolo wa nkhuni sindisenza. Kusinja ndinasiya. Chimene chinanditsalira choti ndiwachitire bambo amenewa ndi madzi okha. Ndiye andilanda. Tsopano ine pakhomo pano ndine ndani?”

Amati ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Tsiku limenelo mwambiwo ndinauika pambali. Ndinawalondola alamu kudimba, kumene ankapalira mbatatesi, ndipo sindinawapatse n'komwe moni.

“Alamu, m'nyumba za mabwana zija, amene amaikira mnzake madzi ndani?”

Anaganiza. “Palibe. Aliyense amangotsegula mpopi.”

“Ndiye mwatitengera zimenezo kuno? Munthu wakuikirani madzi kuyambira muli ndi tsitsi lakuda, inu n'kumuuza pamaso panga kuti muzidzipangira nokha! Mukudziwa zimene akunena kumjigo? Mukudziwa kuti akazi anu akuyesa mwatopa nawo?”

Khasu linawagwa m'manja. “Ine ndimaona maondo aja, mlamu. Ndimafuna apume.”

“Maondo munawaona. Nanga munthuyo?”

 Anakhala pamzere n'kugwira kumutu, ndipo ndinawamvera chisoni, chifukwa bambo ameneyu analakwa ndi chikondi chokhachokha. Ndinawasiya pomwepo.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinawaona akuchokera kudimba, osalowera ku kachipinda kawo. Anapita ku bafa la udzu, kumene ndowa ya m'mawa inali ikadali pamwala. Madzi a m'chisanu, okhala panja tsiku lonse! Ndinamva kukhavula, ndinamvanso munthu wamkulu akubuula ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Anatuluka milomo ili gwagwagwa, n'kukaima pakhomo pa khitchini.

“Nangozo, zikomo madzi. Ndasamba.”



M'mawa mwake anadzuka n'kukathyola masamba a bulugamu, kudzaza mgolo, kukoleza ng'anjo. Inali nthawi imene amayi amadutsa pa njira yathu popita kumjigo, ndipo ndikhulupirira anachita kuisankha. Akulu anga anali pamkeka pakhonde. Alamu anabwera, sopo ndi chinkhupule m'manja, n'kunyonyomala pambali pa mkekawo, maondo awo omwe akulira, amayi aja ataima ndi zidebe kukamwa kuli yasa.

“Nangozo, madzi ali ku bafa.”

“Abambo, dzukani, anthu akuona!”

“Aone. Inu mwandiikira zaka zonsezi anthu akuona.”

Akulu anga anabisa nkhope m'chitenje. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo ndikuganiza kuti iwonso sankadziwa. Anagwira dzanja la amuna awo n'kudzuka. Anakhalitsa m'kachipindamo mpaka ndinayamba kuda nkhawa, nthunzi ikutuluka pansi pa chitseko, fungo la bulugamu lili ponseponse pabwalo. Potuluka nkhope inali yosalala ngati ya mtsikana, ndipo masitepe awiri a pakhonde anakwera osagwira khoma. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Iwe, mabwana aja si opusa.”

Kuyambira pamenepo anagawana. Kutunga ndi kuwaza nkhuni n'kwa alamu. Koma ikafika nthawi yoti iwo asambe, ng'anjo sankayigwira. Anakhomera akazi awo kampando pafupi ndi mgolo, ndipo akulu anga ndi amene ankakoleza moto, kuponya masamba m'kamphika, kuyesa madzi ndi chala, n'kuitana. Ndowa ija anadzalamo tsabola. Wakumjigo uja, nyamakazi itamugwira naye, anabwera kudzapempha kuti afukizeko, ndipo akulu anga anamulola. Ndikanakhala ine akanabwerera pa njira.

Chaka chatha, nthawi yokolola, akulu anga anagwa m'khitchini. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja lamanja ndi mwendo zitafa, lilime litalemera, moti mawu amodzi amachita kuwakoka ngati chitsa. Alamu ndi amene amawanyamula kupita nawo pa benchi lija, kuwasambitsa, kuwakwecha mapazi, kuwadzoza mafuta. Ine ndinati ndizithandiza, poti ndine mkazi mnzawo, koma anandikaniza mwaulemu. Anati ntchitoyo ili ndi mwini wake.

Tsopano moto amakoleza okha, palibenso kuchitira mwina. Koma masamba amabwera nawo m'lichero kwa akazi awo, kuti atole ndi dzanja lamanzere n'kuponya m'kamphika. Akatero alamu amakakhala pakhonde, thawulo paphewa, ngati munthu amene sakudziwa kuti madzi atentha.

Dzulo ndinawapeza ali chomwecho. Mphepo inali ikuwomba kuchokera kuphiri, moto wa pa ng'anjo ukuzilala, nthunzi pansi pa chitseko ikuchepa. Akulu anga anali pa kampando kawo, milomo ikunjenjemera, akulimbana nawo mawu aja. Anafika pa “Abambo,” n'kuima. Mtima wanga waufupiwu unandikwera.

“Alamu, kasambeni, madzi akuzizira. Mwamva kale zimene akufuna kunena.”

Sananditembenukire n'komwe. Maso anali pa akazi awo.

“Azizire, mlamu. Sanandiitane.”

Ndinakhala pansi n'kutseka pakamwa panga. Tinadikira tonse awiri, mpaka akulu anga anamaliza.