Kachitsulo ka Adokotala

Dzulo ndinapita ndi mwana wanga ku kiliniki ya pa Boma, ndiye kafungo ka sipiriti kanandikumbutsa zakale.

Amayi ananditengera komweko ndili wamng'ono, m'mimba mukupweteka. Zoti ndikukodza magazi ndinabisa, chifukwa anali atandiletsa kusambira mumtsinje. Adokotala atandiika kachitsulo kozizira pachifuwa, ine ndinaganiza kuti kamamva zinsinsi zonse.

"Ndinasambira, amayi! Ndikukodza magazi!" ndinalira.

"Iwe! Kangati?" anatero amayi.

"Tsiku lililonse."

Adokotala anaseka. "Mayi, mkwapulo usiyeni. Ndi likodzo ili, mankhwala alipo."

Kachitsulo kaja sikamva zinsinsi, lero ndikudziwa. Koma ndikaganiza, ndikanakhala chete, mwina bwenzi titabwerera kumudzi ndi mankhwala a m'mimba chabe.