Madzi a Ruo mu Injini

Pa 14 Malichi 2023, Otilia Nyakuipa anafika pamsasa wa anthu othawa madzi ku Chiromo ali ndi ana awiri ndi ndowa imodzi. Nyumba inali itapita ndi mtsinje wa Ruo. Galaja ya ku Nchalo, komwe anatsuka zitsulo zaka zisanu ndi chimodzi osamutchapo makaniko, inali itatsekedwa kale.

Madzi ataphwa anasiya chinyontho m'madimba. Kuchigwa kuno aliyense amadziwa kuti ukachedwa kubzala chinyontho chimathawa, njala n'kukhazikika chaka chonse. Kalabu ya alimi 42, momwe Otilia analimo, inkadalira thirakitala imodzi, ndipo inali itamira masiku asanu. Akapotokola kiyi inkangoti "kho!" basi.

Anasintha batire kawiri, osatheka. Pa 28 Malichi wapampando, a Fernando, anagamula.

"Mangani ng'ombe zinayi tiikoke ili m'giya. Thirakitala yamakani timaidzutsa choncho."

Otilia anaima kutsogolo kwa matayala.

"Bambo Fernando, mukaikoka mupinda zitsulo zam'kati. Mu injinimo mwadzaza madzi, ndipo madzi safinyika."

A Paulo, eni ng'ombe, anaseka. "Mayi, umakaniko munauphunzira kuti? M'beseni yotsukira mabauti?"

"Momwemo. Wotsuka ndiye amaona m'kati. Ndipatseni masiku anayi."

Anamupatsa atatu.

Tsiku loyamba anakhetsa oyilo. Anatuluka woyera ngati chambiko. Anakhetsanso dizilo, n'kumasula timipope tonse tinayi tothira dizilo mu injini. Atayesa kuzunguza injiniyo ndi sipanala, sinasunthe ngakhale pang'ono. Dzimbiri linali litagwira.

Anathira oyilo wabwino m'mabowo anayi momwe anachotsa timipope tija. Tsiku lachiwiri lonse ankangogwedeza sipanala, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, mpaka manja anatuluka matuza. A Paulo anabweretsa ng'ombe zawo n'kuzimangirira pamtengo pafupi, kuti Otilia aziziona.

Tsiku lachitatu, cha m'ma 10 koloko, sipanala inayenda. Madzi amatope anathovoka pabowo lachiwiri n'kuwaza malaya a wapampando.

"Ndi Ruo ameneyu!" anakuwa a Fernando, akudzipukuta kumaso. "Zunguzani, mayi, zunguzani!"

Anazunguza mpaka mabowo onse anauma. Anabwezera timipope, anathira oyilo ndi dizilo watsopano, anaumitsa padzuwa sitata yolizira injini. Kiyi woyamba, injini inatsokomola. Wachiwiri, utsi woyera. Wachitatu inabangula, amayi n'kuyamba nthungululu.

"Takhuta, amakaniko!" anathokoza a Fernando m'Chisena, atavula chipewa.

Pofika pa 9 Epulo madimba onse 42 anali atagaulidwa, mbewu zili pansi, nthaka ikadali yonyowa. Mu Julayi anakolola. Lero thirakitala ikakana kuyambira ku Chiromo mpaka kwa Tengani, amatuma njinga kwa Otilia.

Mwina inunso ntchito yanu ndi ija anthu amaiseka. Igwireni maso ali tcheru, chifukwa tsiku lofunsa zomwe munaona likubwera. Chitsulo chikakana lero, chigwedezeninso mawa. Musataye mtima.