Mayi Ezeliya, Amene Ankapembedza Ali Panja

Mayi Ezeliya Nankhoma anabadwira kufupi ndi Nsaru, m'banja la alimi a mtedza. Anabatizidwa akadali mtsikana, nakwatiwa ndi a Yonasi, ndipo analowa Chigwirizano cha amayi mwana wawo Anesi ali kumsana. Kukolopa m'tchalitchi, kuphika pamaliro, kuzonda odwala, iwo sankasowapo.

Njala ya 2002 itatenga a Yonasi, mayiwa anayamba matenda opanda bala. Ankangokhala ali phee, mwadzidzidzi mtima n'kuyamba kugunda ngati musi mumtondo, mpweya kubanika, manja njenjenje, thukuta kamukamu. Nthawi iliyonse ankaona ngati akufa. Pakapita kanthawi zinkaleka, n'kuwasiya ali lefuu.

Tsoka ilo, zinawapeza Lamulungu la Mgonero. Tchalitchi chinali chodzaza, zitseko zotseka monga mwa mwambo, mbale ya mkate yatsala pang'ono kuwafika. Anadzambatuka, kuponda anthu, n'kuthawira panja. Eee, kwathu kuno wothawa Mgonero timati ali ndi tchimo lobisa. Ndiye mkazi wamasiye, thupi likadali labwino! Anthu analankhula mpaka kukhosi kuuma.

"Anankhoma, ululani mupepukidwe," anatero a Luka, mkulu wa mpingo, atawaitanira kubwalo la akulu.

"Bambo, ndikanakhala nacho choulula, bwenzi nditaulula kalekale. Ndatopa ine. Ndi mtimawu basi."

Sanawadule mumpingo, komanso sanawakhulupirire. Anangoti ayambe aima kudya Mgonero mpaka zidziwike.

Anawapempherera zotulutsa ziwanda, iwo anasala kudya, koma ayi ndithu. Namwino wina ku chipatala cha Kabudula ndiye anawamasulira: "Amayi, mtima wanu uli bwinobwino. Awa ndi matenda a nkhawa. Amaopseza koma sapha. Zikayamba musalimbane nazo. Khalani pansi, pumani pang'onopang'ono, zidutsa."

Mayiwa atakanena zimenezi kumpingo, a Luka anangopukusa mutu. "Nkhawa tonse tili nazo. Nanga ife sitithawa bwanji?"

Tisaname, sanachire. Anangophunzira kukhala nazo. Zikawagwira ankakoka mpweya, n'kumautulutsa motsatira mzere wa nyimbo ya m'buku, kufikira manja atakhazikika. Lamulungu lililonse ankayala chitenje panja, pansi pa zenera, kaya dzuwa kaya mvula, n'kumayimba nawo ali pomwepo. Abusa anasinthana, mlandu unaiwalika osagamulidwa. Mayiwa sanadandaulire munthu, koma Anesi ankawamva akuti, "Njala yanga ine ndi ya kachidutswa ka mkate kaja."

Tsitsi litayera mbuu, kunabwera m'busa watsopano amene anafunsa kuti gogo woyimba panjayo ndani. Atamva nkhani yonse, pa Mgonero wotsatira analamula kuti chitseko chitsekulidwe, natuluka ndi mbale m'manja. Pambuyo pake panali a Luka, dzanja lina ndodo, lina chikho.

"Anankhoma, landirani," anatero a Luka. "Tinachedwa."

Mayiwa anatenga mkatewo, nayamba akoka mpweya pang'onopang'ono asanaudye. Mpingo wonse unadikira.

Mayi Ezeliya anatisiya m'nyengo yokolola, masana, ali pamphasa, mutu uli pamiyendo ya Anesi, akupuma mwabata ngati khanda.

Kuyambira pamenepo chitseko chathu sititseka pa Mgonero, ndipo mkulu mmodzi amatuluka ndi mbale. Tinkayesa kuti wovutika chonchi anali mayi Ezeliya okha. Abale, anthu amene timawapeza panjapo ndi ambiri.