Chifuwa cha Che Ayub

Mukafika pa Chipoka n'kufunsa za Anwar, anthu akulozerani kachipinda kali kuseri kwa golosale ina pafupi ndi njanji. Makoma ake anamatidwa matireyi a mazira ndi zidutswa za matiresi otha ntchito. Mwini wake amakatchula kuti situdiyo, ndipo mukaseka akuyang'anani ngati mwamuponda pachilonda. Musaseke ayi. Makwaya a ku Chitala amachita kusinthasintha maminibasi kudzajambulitsa m'menemo, magulu oimba kaswida, nyimbo za chisilamu, amadikirana pakhomo, osanenanso za anyamata aja oimba zachikondi ndevu zisanamere n'komwe.

Anwar ndi mwana wa Che Ayub, amene kwa zaka zambiri anali siginala, munthu uja wopalasa bwato la nyali n'kumakopa usipa kuti ulowe mu ukonde wa chilimira. Bambo ankayembekeza kuti mwana adzagwira nkhafi. Mwana anagwira wailesi. Anzake akamakangana kuti woimba wabwino ndani, iye ankatchera khutu pa kadzina kaja kamatchulidwa mothamanga nyimbo ikamayamba, ka munthu amene anaijambula ndi kuikonza. Ndipo pa nyimbo zonse zimene zinkamugwira mtima, kadzina kake kanali kamodzi: Enock. Enock ameneyu anali katswiri wojambula nyimbo ku Lilongwe, munthu amene nkhope yake sankaidziwa ndi ambiri, koma dzanja lake linkamveka m'minibasi iliyonse.

Sukulu itamukanika, Anwar anakakhala pa benchi pafupi ndi depoti ya pa boma la Salima, kumalowetsa nyimbo m'mafoni a anthu. Pamenepo ndi pamene khutu lake linakhwimira. Ng'oma yoyamba ikangolira, iye ankadziwiratu kuti iyi yadutsa m'manja mwa Enock, iyi ayi. Nthendayo itakula, anamanga kathumba ka usipa wouma, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe, n'kukagogoda pa geti ya munthu amene sankamudziwa n'komwe kuti alipo.

Ankayembekeza kukapeza munthu wa magalasi akuda ndi tcheni pakhosi. Anapeza bambo wofatsa, wovala masilipasi, akutafuna mtedza. Enock analandira usipa uja ndi manja awiri, namuuza kuti akhale pakona, asakhudze kanthu. Anwar anakhala pakonapo masiku angapo, maso ali tong'o. Chimene chinamudabwitsa kwambiri n'chakuti woimba akachoka, Enock ankakulitsa mawu aja pa kompyuta n'kumadula timitunda ting'onoting'ono tokhala pakati pa liwu ndi liwu.

"Timeneto n'tiyani, achimwene?" anafunsa Anwar.

"Kupuma," anatero Enock, osatembenuka. "Woimba amapuma, inde, koma womvera safunika kudziwa zimenezo. Nyimbo uzisesa kaye ngati pabwalo pobwera alendo."

Mawu amenewo Anwar anabwera nawo ku Chipoka ngati chithumwa. Anabwera ndi zinanso: kagwiridwe ka mahedifoni khutu limodzi lokha, kagwedezedwe ka mutu, ngakhale mtedza womwe. Anthu ankamuseka kuti wapita ku Lilongwe ali Anwar, wabwerako ali theka Enock. Koma ntchito ankaidziwa, zimenezo tisamunamizire. Kwaya yoimba mopsereza inkatuluka m'kachipinda kaja ikumveka ngati ya mumzinda, ndipo eni ake ankachita kufunsana ngati alidi iwowo.

Che Ayub sanalowemo m'situdiyomo. Sankadana nazo za mwana wawo, kungoti mtima wawo unali kwina. Iwo anali munthu wa sikiri. Pa maliro, pa sadaka, pa ziyala yokumbukira kubadwa kwa Mtumiki, amuna akaima mozungulira, phewa ndi phewa, n'kuyamba kuwerama ndi kuweramuka potchula dzina la Mulungu ndi mpweya wochokera pansi penipeni pa chifuwa, amene ankatsogolera mpweyawo anali Che Ayub. Sikiri ilibe ng'oma; ng'oma yake ndi zifuwa za amuna. Wina amaimba mawu pamwamba, koma ena onse amatsatira kupuma kwa mtsogoleri. Akafulumiza, onse amafulumiza. Akatsika, onse amatsika naye. Anthu ankati Che Ayub akayamba, ngakhale amayi ophika kuseri ankasiya zipande.

Utsi wa nyali za parafini wa zaka zonse zija ndi mphepo ya panyanja sizinawasiye choncho. Chifuwa chinayamba kulira. Anayamba kupumira panjira popita ku mzikiti, njira imene kale ankaidutsa akucheza. Kuchipatala anawauza kuti sikiri aisiye, ndipo iwo anavomera ndi mutu, monga mmene akuluakulu amavomerera zinthu zimene sakufuna kuchita.

Tsiku lina masana Anwar akukonza nyimbo ya ukwati, anangoona chitseko chatseguka, bambo ake ataima pakhomo ndi mkanjo wawo woyera ndi mzuli, akuyang'ana matireyi a mazira aja.

"Ndiye nkhuku zake zili kuti?" anafunsa Che Ayub.

Anwar anadzuka msangamsanga n'kuwapatsa mpando. Che Ayub anakhala pansi, nadikira kuti mpweya ubwerere.

"Iwe Anwar, undijambule. Chifuwachi chatsala pang'ono kundithawa, ndikuchimva. Ndikufuna ndichite sikiri kamodzi kotsiriza, uisunge m'makina akowa. Azichimwene ako ali ku Joni, ana awo sanandimvepo. Adzamve kuti agogo awo ankatani."

Anwar anasangalala ndi kuopa nthawi imodzi. Kwa nthawi yoyamba bambo ake anali atabwera kudzapempha chinthu chimene iye yekha ndiye akanatha kupereka. Analumbira mumtima kuti imeneyi ikhala ntchito yoposa zonse zimene anagwirapo, yoti ngakhale Enock ataimva agwedeze mutu.

Anajambula m'mawa, mwera usanadzuke, pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwawo. Amuna anabwera atavala zoyera ngati pa Idi. Anwar anaika maikolofoni imodzi kwa woimba mawu, ina pakati pa bwalo, ndipo yabwino koposa anaiimika pamaso pa bambo ake. Che Ayub anayamba pang'onopang'ono. Thukuta linatsika, mitsempha ya pakhosi inatukumuka, koma sanaime. Anawatenga amuna aja, kuwakweza, kuwatsitsa, mpaka kumapeto. Atamaliza anagwera pamkeka n'kutsokomola nthawi yaitali, kenaka anaseka.

"Alhamdulillah," anatero. "Wasunga?"

"Ndasunga, Ababa."

Mayi ake a Anwar, a Zuleka, anali ataima pakhonde ndi kapu ya madzi, akupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

Atafika ku situdiyo, Anwar anavala mahedifoni n'kutsegula mawu a maikolofoni ya bambo ake okha. Anamva zinthu zimene sanaziyembekezere. Pabwalo paja, pakati pa zifuwa zambiri, sizinkamveka. Koma maikolofoni yabwino sibisa kanthu. Mpweya uliwonse unkabwera ndi kakhweru kopyapyala, pansi pake pakumveka kukhuluza ngati madzi m'bwato lobooka. Nthawi zina unkachedwa pang'ono, ngati munthu wokwera chitunda. Anwar anamvetsera, misozi ili lengelenge. Anamva chisoni, ndipo anamvanso manyazi. Anaganiza za azichimwene ake ku Joni akumvera zimenezi pafoni, za anthu pamsika akunena kuti Che Ayub atha. Iye sankafuna kuti bambo ake akumbukiridwe akulira chifuwa.

Ndiye anadzifunsa funso lija ankadzifunsa tsiku ndi tsiku: apa Enock akanatani?

Anayamba ndi kudula kakhweru kokha, koma kakhweruko kanali katalukana ndi mpweya weniweniwo. Akachotsa ichi, icho chimatsala chopunduka. Kenaka nzeru inamubwerera, ndipo panthawiyo anaiona ngati nzeru yaikulu. M'gulu lija munali Mustapha, mnyamata wokoka makoka wa chifuwa chotakata. Anwar anasankha mpweya umodzi wa Mustapha, wamphamvu, woyera bwino, n'kuuchulukitsa, n'kuuyala mwadongosolo m'malo monse mmene munali mpweya wa bambo ake. Palibe pochedwa, palibe pokhuluza. Itatha, inkamveka ngati yochokera ku situdiyo za ku Lilongwe. Laputopu yake yokalamba inkadandaula kuti malo atha, ndiye zotsalira zonse anazifufuta. Kakhadi kojambulira anakapukutanso, poti kwaya ya ku Chitala inali itafika kale pakhomo ndi mayunifomu awo.

Lachisanu, atachoka ku mapemphero a swala, anapita nayo kunyumba. Anawaveka bambo ake mahedifoni pamwamba pa mzuli, iye n'kukhala chapatali, mtima uli m'mwamba. Che Ayub anatsinzina. Poyamba mutu wawo unkagwedera. Kenaka unasiya. Anamvetsera mpaka kumapeto, navula mahedifoni aja mosamala, nawapereka.

"Yamveka bwino kwambiri," anatero. "Mustapha uja ali ndi chifuwa chabwino, Mulungu amusungire."

"Ndinangokonza pang'ono, Ababa, kuti imveke yoyera. Munali ndi kaphokoso..."

"Eya, kaphokoso." Che Ayub anayang'ana manja awo. "Ine ndimaganiza kuti ukujambula ineyo."

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anwar anatuluka m'nyumbamo makutu ali ng'wii, n'kuthamangira ku situdiyo. Anasanthula laputopu yonse, anatsegula kakhadi kaja: munali kwaya ya ku Chitala yokhayokha, ikuimba mosangalala. Anaimbira foni Enock n'kumufotokozera zonse.

"Choyambirira uli nacho?" anafunsa Enock.

"Ndinafufuta."

Enock anati: "Mphwanga, ine ndimadula pa kope. Choyambirira sindichikhudza, ndimachisunga. Kabati ija inali kumbuyo kwako masiku onse aja, mmene muja ndi mawu a anthu, mmene anawatulutsira, ndi kupuma komwe. Ena mwa iwo anamwalira. Abale awo akabwera safuna nyimbo yokonzedwa ija, amafuna zimenezo."

Anwar anaikumbukira kabatiyo. Anaitsamira masiku onse aja osafunsa kuti muli chiyani. Anali ataphunzira zimene manja a Enock ankachita pamaso pake, poti ndizo zinkaoneka. Nzeru yotsalayo inali yotsekera, ndipo munthu amene ukumusirira sumufunsa za makabati ake.

Anabwerera kwa bambo ake, nagwada pafupi ndi mkeka.

"Ababa, ndalakwa. Tibwerezenso. Ndiitana anthu aja, ndipo sindikhudza kalikonse."

"Inshaallah," anatero Che Ayub, namugwira pamutu. "Chifuwa chikalola."

Chifuwa sichinalole. Mvula itayamba anagonekedwa m'chipatala, ndipo m'mawa wina anatsikira kuli chete. Anawaika tsiku lomwelo, monga mwa chisilamu. Sikiri ya pa maliro awo anatsogolera munthu wina, ndipo anayesetsa ndithu.

Masiku ano Anwar akujambulabe. Enock amamulemekezabe, ndipo ndi woyenera ulemuwo. Kungoti oimba achinyamata amadandaula kuti mkuluyu wayamba ulesi, amasiya kupuma kwawo kukumveka m'nyimbo, ndipo akamuuza amangoti, "Kusiyeni, n'kwanu." Safufuta kanthu. Makhadi odzadza amawaika m'chitini cha mkaka, ngakhale a nyimbo zoipa zimene eni ake anaziiwala kalekale.

Koma pali tsiku limodzi limene sakamba. Inali nthawi ya eda, pamene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba osayenda. Anwar anapita kukaona mayi ake masana, nawapeza atakhala pamkeka m'chipinda, zenera lili lotseka. Anacheza za mvula, za mtengo wa usipa. Kenaka a Zuleka anati:

"Anwar, m'nyumba muno mwachita zii. Zaka zonsezi ndimadandaula kuti chifuwa cha abambo ako sichindigonetsa tulo. Pano chasiya, ndiye tulo tathawiratu. Paja unawajambula tsiku lija pansi pa mango? Tandiikira ndiwamveko."

Anwar anazindikira pomwepo kuti bambo ake sanawauze. Anamusungira manyazi ake mpaka kumanda. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma mayi ake anali atatambasula kale manja. Anawaveka mahedifoni pamwamba pa mpango, n'kudina.

A Zuleka anaweramitsa mutu. Anamvetsera woimba mawu akuyamba, amuna akulowa, mpweya wamphamvu uja ukugunda mosaphonya. Anapendeketsa mutu mbali iyi, kenaka mbali iyo, ngati munthu wofunafuna mbale wake pagulu la anthu otsika sitima. Anakanikiza mahedifoni ndi zikhatho zonse ziwiri. Nyimbo inafika kumapeto, iwo akadali chimvetserere.

Anakweza maso n'kumuyang'ana mwana wawo.

"Makutu angawa akalamba," anatero. "Taibwezanso, mwanawe. Ukweze pang'ono."

Anwar anaibwezanso.