Mkaka sutsuka mapapo

Sabata yatha ndinadzionetsa uchitsiru, ndipo ndinauonetsa monyadira.

Esiteti ina ya fodya kufupi ndi Santhe ikugwetsa nyumba zakale za mabwana. Anzanga ali pamzere wa makuponi a feteleza, ine ndinali kukweza pa ngolo malata a asibesitosi, otuwa aja, olemera, osachita dzimbiri. Ndinkafuna kufolera khitchini. Panjira ndinkapatsa moni ngakhale anthu amene sindiyankhulana nawo, kuti aone katunduyo.

Malatawo anatalika. Ndinaitana alamu anga a Yohane, mlongo wa mayi a kunyumba, munthu wa manja aluso yemwe wangokwatira kumene. Anawadula ndi sowo tsiku lonse mpaka nsidze zinachita mbuu. Ine ndinaima pamthunzi, manja kumbuyo, kulangiza. Atamaliza ndinachita zomwe munthu wopita kusukulu amachita kuno kwathu: ndinawagulira mkaka kuti utsitse fumbi.

Lachinayi ndinapita kuchipatala kukayezetsa BP, ndipo pakamwa panga posatseka paja ndinayamba kudzitama za malata ndi mkaka uja. Adokotala anaika cholembera pansi.

"Bambo, mkaka umapita m'mimba. Fumbi lapita m'mapapo. Zikakumana kuti?"

Anandifotokozera kuti malatawa akangokhala padenga osasweka savuta kwenikweni. Koma ukawadula amatulutsa timinga tosaoneka ndi maso, tomwe tikalowa m'mapapo sitituluka. Chifuwa, kubanika, ngakhale khansa, zimadzabwera patapita zaka makumi awiri kapena kuposa. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Ndinachita manyazi, kenako mantha.

Musandiseke nokha, inunso mulimo. Amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu, anyamata a kuchigayo, matenanti osankha fodya m'chigafa, tonse timawauza chimodzimodzi: imwani mkaka. Ndani anatiphunzitsa? Njoka timaithawa chifukwa imapha lero. Fumbi timalisekerera chifukwa ndi laulemu, limadikira.

Madzulo ake ndinapalasa njinga kupita kwa alamu. Ndinawapeza akukonza nazale, akazi awo ali pambali, oyembekezera. Ndinazungulira nkhani ngati wodzapempha mchere, kenako ndinanena zonse ndi kupepesa.

A Yohane anaweramuka n'kundifunsa:

"Mwati zaka makumi awiri, alamu?"

"Akutero adokotala."

"Ine kuponi sinandipeze chaka chino. Zikakhala za njala ya February ndiuzeni, zimenezo ndiye ndikuziopa. Mwina mwamva, a Banda agula malata omwewo, ndikawadulira Loweruka."

Ndinawachonderera kuti asapite. Ndinati ngati akakamira, anyowetse malatawo ndi madzi, avale chotchinga chenicheni pamphuno, zovala asalowe nazo m'nyumba. Anavomera mwaulemu, mmene munthu amavomerera mlamu wamkulu pofuna kuti azipita.

Ine wa pamthunzi ndagona ndikudzimvetsera chifuwa usiku wonse. Iwo amene anameza fumbilo akunola sowo.

Inu odziwa kuyankhula, ndithandizeni lisanafike Loweruka: munthu amene akuopa njala ya chaka chino, mumamuuza bwanji za mpweya umene adzausowe mwana wake akumaliza sekondale?